KODI NCHIFUNDO KUMLANDA KHASU MUNTHU WOKALAMBA?

Yense amene adayendapo m'bandakucha m'tinjira ta ku Bangwe, ku Ndirande, ku Chilomoni kapena ku Zingwangwa, nthawi ija maminibasi ayamba kuitanira anthu opita ku Limbe ndi ku Blantyre, adaona chinthu chimene ambiri sachiyesa kanthu. Achinyamata ali pa liwiro, wina ku nchito, wina ku sukulu, wina ku msika ndi dengu pamutu. Koma kuseri kwa nyumba zina, pa kamalo kongokwana mphasa zinai, mupeza agogo atawerama, kachitini ka madzi kali m'manja, alikuthirira timizere tiwiri ta mpiru ndi timitengo tisanu ta tomato. Iwo safulumira. Aima pa chomera chiri chonse monga achita munthu wozonda odwala.

Ana a agogo otere, makamaka amene adachita mwai wopeza nchito ya malipiro, kawirikawiri sakondwa nazo. Amati: "Bambo, mudagwira nchito zaka 35, tsopano pumulani. Ndiwo tizigula ku msika wa Limbe. Anthu angatiseke kuti sitikusamalani." Ena athira simenti pabwalo ponse kuti pakhale paukhondo, ena amangapo kachipinda ka lendi, khasu alibisa kudenga. Mau amenewa atuluka mu mtima wachikondi, ndipo sitiwanyoza ai. Koma chikondi nacho chingathe kusokera njira. Nchifukwa chache lero tifuna kufunsana bwino bwino: kodi nchifundo kumlanda khasu munthu wokalamba?

Chimene munthu ataya tsiku lopuma pa nchito

Tisanayankhe, tikumbukire kuti mzinda wathu udakula ndi nchito ya malipiro. Njanji idafika ku Blantyre mu 1908, ndipo chaka chomwecho kampani ya Imperial Tobacco idakhazikika ku Limbe. Mu 1956 Blantyre ndi Limbe adaphatikizidwa kukhala tauni imodzi. Mu 1967 fakitale ya David Whitehead idayamba kuomba nsalu. Nchito zimenezi ndi zina zambiri zidakoka anyamata a ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu, Zomba ndi Ntcheu, kotero kuti pa kalembera wa 2018 mzinda uno udapezeka ndi anthu oposa 800,000. Anyamatawo adabwera ndi maganizo akuti akadzapeza kangachepe adzabwerera kwao. Koma zaka zidapita, ana adabadwira konkuno, minda ya kumudzi idagawidwa kwa ana a alongo ao, anzao a msinkhu umodzi adatha ku manda. Chomwecho ambiri akalambira m'tauni.

Tsono kukalamba kwa m'tauni kusiyana ndi kwa kumudzi. Kumudzi munthu saleka nchito tsiku limodzi ai. Nchito yache ichepa pamodzi ndi mphamvu zache. Akalephera munda waukulu, atsikira ku dimba. Akalephera dimba, akhala pa tsinde la mtengo kusema mipini, kuluka malichero, kutong'ola chimanga, kuingitsa nkhuku pa mphale yoyanika. Kufikira tsiku lomaliza ali ndi chochita. M'tauni sizitero. Wa nchito ya m'Boma akakwanitsa zaka 60 alandira kalata, anzache amphikira tiyi namgwira chanza. M'mawa mwache adzuka pa nthawi ya masiku onse, nasamba, nabvala, ndipo pomanga nsapato mpamene akumbuka kuti kulibe komuyembekeza.

Munthu ameneyu wataya zinthu zitatu. Wataya nthawi, pakuti Lolemba ndi Lachisanu zafanana. Wataya kufunika, pakuti palibe chimene chingaonongeke iye akagona mpaka masana. Watayanso mwai wopatsa, pakuti dzanja limene lidali kugawa tsopano lingolandira. Lamulo la penshoni limene lidayamba kugwira nchito mu 2011 lidathandiza ena pa za ndalama, ngakhale a maganyu ndi ogulitsa malonda m'misewu sadapindule nalo. Koma penshoni, ingakhale yokwana bwanji, siingabweze zitatu zija. Zikasowa zimenezi mtima uyamba kudwala thupi lisanadwale: munthu angokhala duu pa khonde, apsa mtima ndi zazing'ono, tulo tisowa, ena athawira ku kachasu. Ife timati, "Agogo akalamba msanga chipumire pa nchito," osadziwa kuti chawadya nkusowa chodzukira.

Zitatu zimene dimba libweza

Poyamba, dimba libweza nthawi. Mbeu ziri ndi belu lao, ndipo belu limenelo silichedwa. Kuthirira nkwa m'mawa dzuwa lisanatenthe, kapena madzulo litapendeka. Nazale ifuna masabata ache, kuokera kuli ndi tsiku lache, tomato afuna miyezi itatu kapena inai kuti apse. M'miyezi ya chiperoni, Juni ndi Julayi, mpiru, repu ndi kabichi zikondwa. Okotobala akafika ndi dzuwa lache, mabedi afuna kuphimbidwa ndi udzu. Mvula ikagwa mu Novembala kapena Disembala, bonongwe ndi chisoso zidzuka zokha, nkhwani niziyanga. Wolima dimba sasokonezanso masiku: ali ndi dzulo, ali ndi lero, ali ndi mawa.

Kachiwiri, libweza kufunika. Chomera sichidziwa kuti mwini wache adapuma pa nchito, kapena kuti adali mesenjala kapena bwana. Chidziwa chimodzi chokha: akapanda kubwera, chifota. Munthu amene ali ndi chamoyo chomdikira adzuka ngakhale maondo alikuwawa. Amai amasiye ambiri angathe kuchitira umboni: maliro atatha, abale atabalalika, nyumba itangoti zii, chimene chidawatulutsa pabwalo ndi masamba aja adali kufota kuseri.

Kachitatu, libweza kupatsa. Akulu adati kupatsa nkuika, ndipo palibe chopweteka munthu waulemu koposa kukhala wongopatsidwa. Kamtolo ka mpiru kopatsa mpongozi, mapapaya awiri otumiza kwa mnansi wodwala, nzazing'ono ukaziwerengera ndalama, koma zimuimika munthu pakati pa anzache. Tikumbuke Nelson Mandela, amene adakhala m'ndende zaka 27. Ku Robben Island adapempha kamalo m'mphepete mwa bwalo la ndende, nabzalapo tomato ndi tsabola. Mu 1982, ali ndi zaka 63, adamsamutsira ku ndende ya Pollsmoor, kumene bwalo lache lidali la simenti, pamwamba pa nyumba. Iye adapempha migolo 16 ya mafuta, naidulitsa pakati, ndipo idathiridwa dothi. M'miphika 32 imeneyi adalima anyezi, kabichi, mabiringano, tomato ndi zina, zomera pafupifupi 900, ndipo zokolola adali kugawira akaidi anzache ndi alonda omwe. Taonani munthu wolandidwa banja, nchito ndi ufulu, pa msinkhu umene ife timati "pumulani", adapeza m'migolo njira yokhalira wopatsa, ngakhale kwa amene adali kumtsekera.

Thupi nalo lipindula

Tisayese kuti zimenezi nza m'maganizo chabe. Madotolo adaziona kale. Mu 1812 dotolo wa ku Philadelphia ku America, dzina lache Benjamin Rush, adalemba kuti odwala misala amene adali kuthandiza kuwaza nkhuni ndi kulima m'dimba la chipatala adali kuchira kawirikawiri, pamene ena amene adaletsedwa nchito chifukwa cha ulemu wao adali kungofookera m'zipinda. Mau amenewa tiwasunge bwino, pakuti ulemu wotere ndi womwewo tifuna kupatsa makolo athu. Mu 1984 Roger Ulrich adafalitsa zimene adapeza pofufuza mbiri za odwala 46 ochitidwa opaleshoni ya ndulu pa chipatala china ku Pennsylvania. Theka la iwo lidagona pa zenera loyang'ana mitengo, theka lina pa zenera loyang'ana khoma la njerwa. Oyang'ana mitengo adatuluka m'chipatala pafupifupi tsiku limodzi msanga, ndipo sadafune mankhwala ambiri amphamvu oletsa ululu monga anzao aja. Ngati kungoona mitengo kuthandiza chotero, nanga kusamala chomera ndi manja ako?

Bungwe la za umoyo pa dziko lonse, la World Health Organization, lilangiza kuti wachikulire azigwiritsa thupi lache nchito yolimbitsa mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndiponso kuti munthu azidya ndiwo zamasamba ndi zipatso zokwana magalamu 400 pa tsiku. Theka la ola m'dimba, masiku asanu pa sabata, likwaniritsa choyambacho, ndipo dimba lomwelo lithandiza pa chachiwiri. Komatu tichenjeze: dimba si chipatala. Wodwala kuthamanga kwa magazi kapena shuga asaleke mankhwala ache, asalekenso kupita ku Gulupu kapena ku chipatala cha kufupi pa tsiku limene adamuuza. Khasu lithandiza dotolo, koma silimlowa m'malo.

Dimba ndi sukulu ya kusinkhasinkha

Phindu lalikulu la dimba siliri m'mimba kapena m'miyendo, liri mu mtima. Ukalamba ndi nthawi yowerengera moyo: zimene ndidachita, zimene ndidalakwa, amene adandilakwira, amene adatsogola. Maganizo amenewa akampeza munthu ali chigonere pa mphasa, amgwera onse pamodzi namlemera ngati mwala. Akampeza manja ali m'dothi, abwera limodzi limodzi, ndipo munthu atha kuwasenza.

Cicero, mkulu wa ku Roma, adalemba kabuku ka za ukalamba m'chaka cha 44 Kristu asanabadwe, ali ndi zaka 62. Mwana wache wamkazi Tullia adali atamwalira chaka chapitacho, ndipo iye mwini adalibenso mphamvu pa zolamula dziko. Pochula zokondweretsa zimene zitsalira munthu wokalamba, adachulukitsa mau pa ulimi: kuona mbeu iri kumera, kusamala mpesa, kuthira manyowa. Mkulu wakale uja, ali m'chisoni chache, adaona chimene ife tiiwala.

Nanga dimba liphunzitsa chiani? Liphunzitsa kuti mphamvu ya munthu iri ndi malire. Ungakumbe, ungathire manyowa, koma sungakoke mmera kuti ukule msanga. Kuona maso a nkhono nkudekha. Amene adazolowera kulamula pa ofesi aphunzira pano kudikira, ndipo amene waphunzira kudikira mbeu sabvutika kupirira ana ache.

Liphunzitsanso kusamala chotsala. Mu 1878, Mishoni ya Blantyre iri ndi zaka ziwiri zokha, mlimi wa ku Scotland dzina lache Jonathan Duncan adabwera ndi timitengo titatu ta khofi kuchokera ku munda wa zomera wa ku Edinburgh. Tiwiri tidafa. Akadakhala pansi kulira tiwirito, kachitatu kakadafanso. Koma kadasamalidwa, kadabereka, ndipo mbeu zache zidayambitsa minda ya khofi ya m'mapiri a Shire. Wokalamba naye wataya ziwiri mwa zitatu: maso achepa, miyendo yalema, anzache apita. Nzeru yache iri pa kuthirira chimene chatsala.

Dzenje la manyowa nalo liri ndi phunziro lache. Masamba ofota, makoko a nthochi, zitosi za nkhuku, zonse zonyansa ndi zotha nchito, zikakwiriridwa ndi kupatsidwa nthawi, zisanduka chakudya cha mbeu zatsopano. Zolakwa zakale za munthu zitero nazonso: wozibisa zimnunkhira, koma wozibvomera ndi kuzimvera chisoni zimsandukira malangizo opulumutsa adzukulu. Phunziro lomaliza ndi la mtengo. Agogo a zaka 75 obzala peyala kapena mango adziwa kuti mwina sadzakhala pa mthunzi wache. Pobzala mtengowo abvomera imfa yao mopanda mantha ndi mopanda nsanje. Anena ndi manja ao kuti dziko lidzapitirira iwo atapita, ndipo alifunira zabwino.

Ena adzatsutsa

Wina adzati: "Mulikukometsa umphawi. Agogo anga salima kuti asinkhesinkhe; alima chifukwa alera ana amasiye asanu, ndipo akapanda kulima onse agona ndi njala." Mau amenewa ngoona, ndipo ayenera kutichititsa manyazi. Pali makasu awiri: khasu la ufulu ndi khasu la njala. Loyambalo munthu alitenga akafuna, nalisiya akatopa. Lachiwirilo limgwira iye, osamlola ngakhale kudwala. Loyambalo lichiza, lachiwirilo lipha. Mwana amene asiya mai ache a zaka 80 alikuswa mphanje kuti adyetse adzukulu, iye nati "kulima kuwapatsa thanzi," ameneyo wanama, ndipo walakwira lamulo lachinai la Mulungu. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo idabvomereza lamulo loteteza anthu okalamba. Koma lamulo lingaletse nkhanza, silingathire ufa m'thumba la mai ako. Nchito imeneyo nja ife ana.

Wachiwiri adzati: "M'tauni malo kulibe, ndipo madzi ngogula." Zoonadi. Madzi ambiri a m'mipopi ya mzinda uno achokera ku Shire, pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo akwezedwa ndi makina a magetsi mamita pafupifupi 800 kuti afike kuno kumapiri. Nchifukwa chache ngodula, ndipo kuthirira nao munda waukulu nkuononga. Koma ife sitinena za munda waukulu ai. Matumba asanu a dothi losakaniza ndi manyowa, ndowa zobooka, madzi otsukira mpunga ndi ndiwo, madzi a padenga otchera mu mgolo, zimenezi zakwana. Pang'ono pang'ono ndi mtolo. Chokhacho, mitsinje yodutsa pakati pa mzinda, monga Mudi, itenga zonyansa za m'mafakitale ndi za m'zimbudzi. Madzi ache tisathirire ndiwo zodya zosaphika.

Wachitatu adzafunsa: "Kodi si kulima komweku kudameta mapiri athu?" Funso ili nlolemera. Achikulire akumbuka phiri la Ndirande liri ndi nkhalango, isanathe m'zaka za m'ma 1990. Tonse tikumbuka mwezi wa Marichi 2023, pamene namondwe wa Freddy adagwetsa mvula yosakata, matope ndi miyala nizitsika phiri la Soche kukakwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja. M'dziko lonse adafa anthu oposa 600, ndipo mazana ena sadapezeke. Mvulayo idali yoopsa ndithu, ndipo amene adamanga ndi kulima m'mapiri adakwera kumeneko chifukwa cha kusowa malo, sitiwaweruza. Koma phiri lopanda mizu siligwira dothi. Munda umene uchiza mwini wache ndi kupha wokhala kunsi si munda wabwino. Wokalamba wanzeru alima kuseri kwa nyumba. Ku phiri ndi m'mbali mwa mtsinje atuma adzukulu kukabzala mitengo, nsungwi ndi udzu wa vetiva.

Tsono tichitenji?

Yankho lathu ndi ili: kumlanda khasu wokalamba amene alikulifuna si chifundo ai, ngakhale wolandayo achite ndi misozi ya chikondi. Chifundo chenicheni nkulipeputsa khasulo.

Inu ana, musanathire simenti kapena kumanga chipinda cha lendi, siyani kangodya, ndipo muwafunse eni ache pamene afuna. Msana ukawabvuta, kwezani mabedi ndi njerwa kuti asawerame kwambiri. Kugaula nkwa inu, kutunga madzi nkwa adzukulu, kubzala ndi kuthyola nkwa iwo. Pochokera ku Limbe, pamodzi ndi shuga ndi sopo, tengani kapaketi ka mbeu. Akakupatsani kamtolo ka ndiwo, landirani ndi manja awiri, musanene kuti "tiri nazo kale mu firiji." Phikani tsiku lomwelo, ndipo ana akawauze kuti ndiwo za agogo zakoma.

Inu akatekisti ndi atsogoleri a m'miphakati, poyendera achikulire musafunse za matenda okha. Pemphani kuona dimba, funsani m'mene athanira ndi nsabwe za m'masamba. Mudzaona nkhope iri kuwala, ndipo pambuyo pache mudzamva zimene ziri mu mtima, pakuti munthu aulula zambiri ataima pa mzere koposa atakhala pa mpando wa alendo. Kumene tchalitchi chiri ndi malo ongogona, akulu a mpingo angathe kubwereketsa kachigawo kwa achikulire okhala m'nyumba za lendi, kuti azilima pamodzi ndi kucheza.

Inunso agogo athu, musachite manyazi ndi dothi la m'zala, koma dziwani malire anu. Dzuwa likakwera, lowani pa mthunzi, imwani madzi. Itanani mdzukulu, mumuonetse kusiyanitsa bonongwe ndi udzu, pakuti ana ambiri a m'tauni ayesa kuti ndiwo zimera pa benchi la msika.

Tsiku lidzafika pamene dzanja silidzathanso kukweza ngakhale kachitini ka madzi. Tsiku limenelo musawatsekere m'chipinda. Tulutsani mpando, muuike m'mbali mwa dimba, mdzukulu agwire khasu, iwo aziloza ndi ndodo pofunika kupalira. Dimbalo likali lao, ndipo mawa ali ndi chodzukira.